Dipatimenti ya maso imene inapeza matenda a amayi m'chiwindi: nyenyezi 4 mwa 5

Ndachedwa kulemba izi chifukwa miyezi iwiri yoyambirira mutu wanga sunali pamalo, koma ndinalonjeza nesi wina wa kumeneko kuti ndidzalemba, nde lero ndakhala pansi. Dzina la chipatala sinditchula, pali zina zimene ndidandaule ndipo sindikufuna kuti munthu wina akaitanidwe mu ofesi chifukwa cha ine. Kungoti ndi chipatala chachikulu chimene chili ndi dipatimenti ya maso yakeyake, thiyeta ya maso, labu ndi mawodi ogona odwala ena onse, ndipo zimenezi zili ndi ntchito pa nkhani yathu chifukwa tikanapita kwa dokotala wa maso amene ali yekha ndi makina ake sindikudziwa kuti amayi bwenzi ali moyo. Nyenyezi ndikupereka 4 mwa 5. Yachisanuyo anaitaya okha ndipo ndinena kuti anaitaya pati.

Amayi ali ndi zaka 61, shuga akhala naye zaka 12 ndipo tinene zoona, mapiritsi ankamwa akakumbukira. Zinayamba ndi kutentha thupi, kunjenjemera usiku, chakudya osachifuna, ndi kaululu kakang'ono kumanja m'munsi mwa nthiti kamene iwo ankangoti agonera mbali imodzi. Tinapita ku kakiliniki kena, anawayeza malungo osapezeka, anawapatsa mapiritsi a masiku 5 ndi opha ululu basi. Tsiku lachisanu ndi pamene anandiitana m'mawa nkuti iwe, taona diso langa lakumanzereli, ndikuona tinthu takuda tikuyandama ngati ntchentche komanso ngati pali utsi. Diso linali lofiira ndithu. Tinabwerera ku kakiliniki komwe kaja, anangoyang'ana ndi tochi nkuti ndi matenda a maso ofiira wamba, anatipatsa mankhwala odontheza. Palibe amene analumikiza diso ndi kutentha thupi kuja, ngakhale ine sindinalumikize, munthu angaganize bwanji eti. Patapita masiku awiri diso linatupa, kuwala kulikonse kumawapweteka, ndipo nditaphimba lakumanja ndi dzanja nkuwafunsa kuti mukundiona, anati ndikungoona kuti pali chinthu chikuyenda.

Pamene ndinayamba kuchilemekeza chipatala chimenechi ndi pakhomo penipeni. Mzere unali wautali, anthu ambiri a ng'ala ndi ofuna magalasi, ine ndinali nditavomereza kale kuti tichoka madzulo. Koma pali nesi amene amayenda pamzere kuyeza aliyense kaonedwe asanalowe, atafika pa amayi anawauza kuti awerenge zilembo pa khoma, sanathe, anawaonetsa zala pafupi, sanathe kuwerenga, kenako anagwedeza dzanja kutsogolo kwa nkhope ndipo chimenecho chokha ndi chimene anaona. Anafunsa kuti zayamba liti, nditati masiku atatu apitawo ankaona bwinobwino sanafunsenso china, anangowagwira dzanja nkuti mayi tiyeni, inu achemwali tengani chikwamacho mutitsate. Pasanathe mphindi 20 tinali kwa dokotala. Anthu ena pamzere anang'ung'udza, ine ndikanakhala iwo bwenzi nditang'ung'udzanso, koma pa matenda amenewa tsiku limodzi ndi lalikulu ndipo nesi ameneyu ankadziwa.

Adokotala anawaika pa makina aja umaika chibwano ndi chipumi kenako kakuwala kopyapyala kamalowa m'diso. Anandiitana kuti ndione ndekha ngakhale popanda makina: m'munsi mwa mbali yakuda ya diso munali kamzere koyera kokhala ngati kamwezi, anati amenewo ndi mafinya amene akhazikika pansi m'kati mwa diso. Nde anayamba mafunso. Munapangidwapo opaleshoni ya diso ili? Ayi. Jakisoni wa m'diso? Ayi. Chinakulasani chilichonse, kaya waya kaya kamtengo? Ayi. Apa nkhope yawo inasintha, anasiya diso nkuyamba kufunsa za thupi lonse, kutentha thupi, shuga, mkodzo ukuwotcha kapena ayi, mano, zilonda za kumapazi, ngati anagonekedwapo posachedwa ndi kanula kapena paipi ya mkodzo, ngati mtima unavutapo. Nditatchula zonjenjemera zija ndi ululu wa m'nthiti anaika cholembera pansi nkuti, mayi, diso lanuli si pamene payambira matenda, tizilombo tafika muno kudzera m'magazi ndipo tiyenera kupeza kumene tikuchokera lero lomwe.

Dzina lake anandilembera pa kapepala chifukwa sindikanaligwira: endogenous endophthalmitis. Anafotokoza kuti endophthalmitis ndi pamene tizilombo talowa m'kati mwenimweni mwa diso, m'madzi olimba ngati jeli amene amadzaza diso aja, amawatchula vitreous. Nthawi zambiri timalowa kuchokera kunja, pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala kapena munthu akalasidwa, ndipo odwala amene timawafikira kudzera m'magazi ndi ochepa poyerekeza ndi enawo, nchifukwa chake makiliniki ambiri amaphonya nkumangopereka zodontheza. Diso lili ndi kampanda kake kamene kamaletsa zinthu zambiri za m'magazi kulowa, koma tizilombo tikachuluka m'magazi timakakamira m'timitsempha takumbuyo kwa diso, kuboola kampandako nkulowa mu jeli muja. M'menemo mulibe mitsempha ya magazi, asilikali a thupi safikamo msanga, nde tizilombo timaswana mmene tikufunira. Ndipo kampanda komweko kamachititsa kuti mankhwala ambiri akumwa kapena a diripu azilowa pang'ono chabe, odontheza ndiye safika nkomwe kumbuyoko. Apa ndi pamene ndinamva kuti masiku awiri aja tinkadontheza mankhwala pa khomo pamene moto uli m'chipinda.

Chinthu china chimene anachita, chimene ine sindikanachiganiza, anadontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso m'diso lakumanja lomwe amayi sankadandaula nalo, nkuliyang'ana nthawi yaitali kuposa lodwalalo. Anapezamo kadontho koyera kamodzi pa retina, kachikopa kakumbuyo kwa diso kamene kamagwira zimene tikuona. Anati magazi amapita m'maso onse awiri, ndiye matendawa amatha kugwira onse, ndipo ili lagwidwa kale koma likadali poyambirira. Lakumanzere sankatha kuona m'kati chifukwa cha mafinya, anagwiritsa kasikani kakang'ono kamene amaika pa chikope diso lili chotseka, pa sikirini panaoneka zinyalala zodzaza m'kati koma retina inali isanamatuke.

Zimene zinachitika madzulo a tsiku limenelo zinathamanga kwambiri moti ndimazikumbukira ngati loto. Anatenga magazi m'mabotolo angapo kuchokera m'mikono yonse iwiri asanayambe mankhwala aliwonse, akuti ukayamba ndi mankhwala tizilombo sitimera ku labu, anatenganso mkodzo, shuga atayeza anali pa 24, wokwera kwambiri, ndipo nesi anangopukusa mutu. Kenako anawalowetsa m'kachipinda koyera kuti abaye diso. Abale, jakisoni wa m'diso. Ine nditamva miyendo inafooka. Amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, kutsuka ndi ayodini, kuika kachitsulo kotsegula zikope, kenako singano yopyapyala imalowa pambali yoyera ya diso mamilimita 3 kapena 4 kuchokera pamene payambira mbali yakuda, amayamba akoka timadzi pang'ono topita ku labu kenako nkubaya mankhwala awiri, vancomycin 1 mg ndi ceftazidime 2.25 mg, aliwonse m'kadontho ka 0.1 ml. Akuti amabaya awiri chifukwa sakudziwa kuti ndi bakiteriya wa gulu liti, wina amapha gulu ili wina gulu linalo, ndipo sangadikire labu masiku awiri diso likuwola.

Apa ndi pamene nyenyezi inayamba kugwedezeka. Dokotala amene anabaya sanali yemwe uja wofotokoza bwino, anali wina wachinyamata wothamanga, anabwera ndi fomu nkuti sainani apa, tikubayani m'diso, basi. Amayi sanamve bwino, ankaganiza kuti abayidwa pafupi ndi diso, atazindikira ali kale pabedi anayamba kunjenjemera nkumaitana dzina langa ine ndili panja. Nesi uja ndi amene anawagwira dzanja nkumawalankhula mpaka zinatha. Mphindi ziwiri zokha zofotokozera munthu wamkulu zimene zimuchitikire sizikanachedwetsa kanthu. Ndipo palibe anatiuza kuti diso likabayidwa pamatha kutuluka kamagazi pambali yoyera, usiku nditaona ndinathamanga kukadzutsa anthu ndikuganiza kuti diso laphulika, nkungondiuza kuti zimatero.

Usiku womwewo anawagoneka ku wodi ya odwala matenda a m'thupi, osati ya maso, anayamba diripu ya mankhwala opha bakiteriya a ceftriaxone kawiri pa tsiku ndi insulin. M'mawa mwake sikani ya pamimba inapeza chimene ankafuna: chithupsa cha mafinya m'chiwindi, kumanja, chachikulu pafupifupi masentimita 7. Kaululu kaja amayi ankati agonera mbali imodzi. Anachiboola kudzera pakhungu akuyang'ana pa sikani, nkusiyamo kapaipi kotulutsa mafinya m'kathumba, ndipo zimene zinatuluka tsiku loyamba sindifotokoza. Anajambulanso mtima kuti aone ngati tizilombo tamera pa mavavu ake, chifukwa akuti kumenekonso ndi kumene timakonda kuchokera, mwamwayi unali bwino. Labu inabweza dzina loti Klebsiella pneumoniae, m'magazi ndi m'mafinya a chiwindi momwe. Adokotala aakulu a maso anandiuza kuti zitatu zimenezi, shuga, chithupsa cha chiwindi ndi diso, zimayendera limodzi ndipo madokotala a ku Taiwan ndi amene anayamba kuzilemba m'zaka za m'ma 1980, kumayiko a kum'mawa kwa Asia bakiteriya ameneyu ndi amene amatsogola pa matenda a diso obwera ndi magazi, koma pano akupezeka kulikonse. Mtundu woopsawo akuti ndi wonanda, ku labu akaukhudza ndi kawaya umatamuka ngati ulusi kupitirira mamilimita 5. Sananamize, anati Klebsiella amawononga diso mwachangu kuposa ambiri, ndipo anthu ambiri amene amafika pamene amayi anafika diso limenelo silibwerera, ena mpaka amalichotsa. Ndinalira pakhonde koma ndinayamikira kuti anandiuza, chifukwa kuyambira pamenepo chilichonse chimene ankanena ndinkachikhulupirira.

Ndiulule kupusa kwanga pang'ono. Usiku wachiwiri tulo titasowa ndinali pa foni kuwerenga, ndinapeza kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Endophthalmitis Vitrectomy Study, amene anatuluka mu 1995, woti mankhwala a diripu sanawonjezere kanthu pa odwala awo ndiponso kuti opaleshoni yachangu inathandiza okhawo amene ankangoona kuwala basi. M'mawa ndinawaimitsa adokotala ndi foni m'manja ngati loya, nkuti nanga madiripu onsewa ndi a chiyani, mikono ya amayi yatupa kale. Sanakwiye, anaseka pang'ono nkuti achemwali mwawerenga bwino koma mwawerenga za anthu ena, kafukufuku ameneyo anali wa anthu amene tizilombo tinalowa pa opaleshoni ya ng'ala, kwa iwo matenda ali m'diso mokha, pamene kwa amayi anu chitsime chake chili m'chiwindi ndi m'magazi, tikasiya diripu tingabaye diso kakhumi tizilombo tizingobwera tina, ndipo si diso lokha limene lili pangozi, tizilomboto tingapite ku ubongo kapena m'mapapo. Anawonjezera kuti kadontho kaja ka m'diso lakumanja ndi diripu yomweyo imene ikukathana nako. Dokotala amene amayankha wachibale wobwera ndi za pa intaneti mopanda kumunyoza ndi wosowa, ameneyu ndikanatha ndikanamupatsa nyenyezi 5 zakezake.

Pa maola 48 anayang'ananso, mafinya akutsogolo anali atachepa pang'ono koma kumbuyo kunali chimodzimodzi, anabayanso kachiwiri, ulendo uno atadziwa dzina la bakiteriya. Tsiku lachinayi anati jakisoni yekha sakukwanira, apange opaleshoni yotchedwa vitrectomy. Amaboola timabowo titatu pambali yoyera ya diso, kamodzi kolowetsa madzi, kena ka nyali, kena ka kachipangizo kodula ndi kuyamwa jeli yense wodzaza mafinya uja, kuli ngati kukhetsa chithupsa, tizilombo ndi poizoni wake zimachoka ndipo mankhwala amayenda bwino m'kati. Inatenga pafupifupi maola awiri. Atatuluka anandiuza kuti retina anaipeza itawola mbali ina ndipo inayamba kung'ambika, nde anadzaza diso ndi mafuta a silicone kuti aigwire isamatuke, ndipo amayi azigona chafufumimba kapena mutu utaweramira pansi kwa masiku angapo. Tangoganizani munthu ali ndi kapaipi m'chiwindi kumanja, kanula pamkono, nkumuuza kuti agone chafufumimba. Tinavutika ndi mapilo mpaka nesi wina wausiku anatipangira kachisa ndi mabulangete kuti mimba ikhale m'malere.

Tsopano dandaulo langa lalikulu, limene linadya nyenyezi yonse. Wodi imene amayi anagona ndi dipatimenti ya maso zili m'nyumba zosiyana ndipo zimalankhulana ngati anthu okwiyirana. A maso analemba mankhwala odontheza atatu, antibayotiki, steroid wochepetsa kutupa ndi atropine wopumitsa diso, ena oti azidonthezedwa maola awiri aliwonse. Analemba mu fayilo yawo ya maso. Ku wodi ali ndi tchati chawo cha mankhwala ndipo odonthezawo sanalembedwemo, nde tsiku lonse lathunthu pambuyo pa opaleshoni palibe anadontheza kanthu, ine ndinkaganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Adokotala a maso atabwera madzulo nkufunsa, aliyense ankaloza mnzake. Kuyambira pamenepo ndinatenga mabotolowo ndekha, ndinaika alamu pa foni nkumadontheza ndekha usana ndi usiku, zimene sizinali ntchito yanga, nanga wodwala amene alibe womukhalira zimamuthera bwanji. Zotsatira za madzi a m'diso nazonso zinakhala tsiku lathunthu zili pa tebulo la wodi ina yolakwika. Mwamwayi za magazi zinali zitafika kale, koma mwayi si dongosolo. Ndipo tsiku lililonse kuti a maso awaone kumafunika kuwakankha pa wilutcheya mtunda wautali, kathumba ka mafinya kali pamiyendo, nkukadikiranso pamzere ola lathunthu ngati munthu wochokera kunyumba.

Kenako kanthu kakang'ono koma kondinyansa: zikwangwani. Dipatimenti ya maso, kumene aliyense wobwera saona bwino ndipo theka la iwo awadontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso, zikwangwani zake ndi timapepala ta zilembo zazing'ono zotuwa tomatidwa pamwamba pa chitseko. Ine wa maso abwino ndinasochera katatu kufuna chipinda cha sikani. Palibenso anatichenjeza kuti atropine amachititsa kuti kuwala kuzipweteka kwa masiku ambiri, magalasi akuda tinawaganiza tokha amayi atayamba kuyenda atafunda nsalu kumutu.

Pamzere wa tsiku ndi tsikuwo ndinazolowerana ndi bambo wina amene mkazi wake anali ndi matenda omwewa koma a mtundu wina, ndipo zinandithandiza kuona kuti sikuti onse amathandizidwa mofanana. Mkaziyo anapangidwa opaleshoni ya matumbo nkukhala milungu ingapo akudyetsedwa kudzera m'paipi ya mumtsempha waukulu, nde fangasi wotchedwa Candida analowa m'magazi kudzera pa paipiyo nkukafika m'maso. Kwa iye sizinabwere ngati moto mmene zinachitira kwa amayi, diso silinkapweteka kwenikweni, ankangoona timadontho ndi chifunga chomawonjezeka pang'onopang'ono. Anachotsa paipi ija, anamuika pa fluconazole kwa milungu 6, m'diso anamubaya amphotericin B. Nditafunsa adokotala athu anati pa fangasi amasankha fluconazole kapena voriconazole chifukwa amalowa bwino m'diso, pamene mankhwala ena amphamvu a Candida monga caspofungin amayeretsa magazi koma m'diso salowa mokwanira, komanso kuti munthu wa fangasi akapatsidwa steroid yekha poganiza kuti ndi kutupa wamba zinthu zimaipiraipira. Anatinso amene amagwidwa kawirikawiri ndi a shuga, a dialysis amene magazi awo amatsukidwa ndi makina impso zikalephera, amene ali pa mankhwala a khansa, amene chitetezo cha thupi chatsika, odzibaya mankhwala ozunguza bongo mumtsempha, ndi aliyense wokhala ndi paipi mumtsempha nthawi yaitali. Mayi uja anatuluka akuona bwino kuposa amayi anga, Candida akagwidwa msanga akuti amapereka mpata.

Tinakhala m'chipatala masiku 19. Kapaipi ka chiwindi anakachotsa pa tsiku la 11, diripu inapitirira mpaka tsiku lotuluka kenako mapiritsi, zonse pamodzi milungu 6, ndipo sikani yomaliza inaonetsa kuti chithupsa chauma. Kalata yotulukira ndi ina imene ndingadandaule nayo, masamba awiri odzaza mawu achidule a madokotala okhaokha, palibe pamene analemba mwachimvekere kuti mukaona chakuti bwererani msanga. Nesi wa pakhomo uja ndi amene anatenga cholembera nkundilembera kuseri kwake: ululu ukawonjezeka, kuona kukatsika, mukaona ngati katani ikutsika m'diso, thupi likatenthanso, kapena diso lakumanja likayamba timadontho, musadikire tsiku la apointimenti. Kapepala kameneko ndi kamene kali pa chitseko cha firiji, kalata yeniyeniyo ili mu diroo.

Pano papita miyezi 5. Diso lakumanja lili bwino, kadontho kaja kanasiya kachipsera kakang'ono pambali, pa zilembo za pakhoma zija amawerenga mpaka mzere wa 6/12 ndi magalasi ndipo mauthenga a pa foni amawerenga okha. Lakumanzere lilipo, silinachotsedwe, silipweteka, koma limangowerenga zala pa mtunda wa mita imodzi, ndipo adokotala anena kale kuti tisayembekezere zambiri chifukwa pakati pa retina panapsa. Layambanso ng'ala, zimene akuti zimachitika kawirikawiri pambuyo pa vitrectomy makamaka mukakhala mafuta. Amayi poyamba ankathira tiyi pambali pa kapu chifukwa ndi diso limodzi mtunda umasokoneza, masitepe ankawaopa, pano azolowera ndipo amachita nthabwala kuti lakumanzere lapuma pa ntchito. Shuga ndiye asintha kwambiri, insulin amadzibaya okha ndipo kamakina koyezera samakasiya, mantha anachita zimene ine ndinalephera zaka 12.

Ku kiliniki ya maulendo obwereza kumachedwa, musapite muli ndi pulogalamu ina tsiku limenelo, apointimenti ya 8 koloko timaonedwa cha m'ma 11, foni yawo imalira osayankhidwa ndipo kawiri konse fayilo ya amayi inasowa mpaka tinadikira kuti aifufuze. Koma ukalowa, amayeza maso onse awiri nthawi iliyonse, amayeza mphamvu ya madzi a m'diso chifukwa mafuta a silicone amatha kuikweza, ndipo adokotala aakulu aja amafunsabe za chiwindi ndi shuga asanakhudze makina. Mchimwene wanga anafunsa ngati tisamukire kwina kumene kulibe mizere, amayi anakana, anati amene anandipeza chiwindi poyang'ana m'diso ndi amene andichotse mafutawa. Opaleshoni yochotsa mafuta ndi ng'ala limodzi aikonza mwezi wamawa, ndipo ulendo uno ndanena kale kuti agonekedwe ku wodi ya maso, mabotolo odontheza ndisunga ndekha.